Tsiku Limene Anakwecha Angelo

Ku Kamphande dzuwa silinkafulumira kulowa m'tchalitchi. Linkayamba layendera makola a mbuzi, layendera minda ya kachewere ya m'dambo, lasuzumira pakhonde pa chipatala cha masisitere, kenaka n'kukwera khoma la njerwa pang'onopang'ono mpaka litapeza kazenera kozungulira ka pamwamba pa chitseko. Likakapeza linkagwera m'kati, lodzaza fumbi, n'kukatsamira pa guwa la nsembe. Pamenepo mdima unkayamba kumasuka. Linkaoneka phiko, kenaka bondo, kenaka tsaya lonenepa, kenaka mphesa zolendewera pa nsanamira zopotana ngati chingwe cha khonje. Zonsezo golide. Sanali golide wa ngwee wothobwa m'maso ayi, anali wofiirira, wotopa, wonga uchi wokhalitsa m'botolo.

Alendo odziwa za zomangamanga akabwera ankakweza mitu, kukamwa yasa, n'kumati luso lotere dzina lake ndi baroko, la anthu akale a ku Ulaya amene ankadana ndi mzere wowongoka. Pamenepo sankanama. Pa guwa limenelo panalibe chinthu choima phee. Mitambo inkapindika, nsalu zosemedwa zinkauluka popanda mphepo, nsanamira zinkathyola chiuno, malipenga ankaloza uku ndi uko, ndipo pamwamba penipeni, pafupi ndi denga, nkhunda ya Mzimu Woyera inali itatambasula mapiko pakati pa malawi. Koma anthu a ku Kamphande analibe nthawi ya mayina ovuta. Iwo ankangoti Tchalitchi cha Masaya, chifukwa angelo ake onse anali makanda onenepa, a masaya otukumuka, osonyeza kuti kwawoko chaka cha njala sichinafikeko.

Mbiri ya guwalo inali ndi michira yambiri, monga zimakhalira nkhani zoyenda pakamwa. Ankati linasemedwa kwawo kwa Apwitikizi, m'nyumba ya masisitere otsekeredwa amene sankaona msewu. Ankati linawoloka nyanja yamchere m'mabokosi, linakwera Zambezi pabwato, linakhala zaka zambirimbiri m'tchalitchi china cha kuchigwa, kumene makandulo amapindika ndi kutentha asanayatsidwe. Nkhondo itafika kumeneko, masisitere analiphwasula n'kuthawa nalo. Amuna analisenza pamutu kukwera mapiri a m'malire, wina phiko, wina mtambo, wina theka la nsanamira, ndipo amayi ena akuti anabereka angelo kumbuyo ndi nsalu. Atafika pa Kamphande miyendo inakana. Analitula pansi pa mkuyu n'kuyamba kuumba njerwa. Choncho kwina amayamba amanga tchalitchi kenaka n'kufunafuna guwa, koma kuno guwa ndilo linayamba kufika, tchalitchi n'kulivundikira pambuyo. Amisiri a m'mudzi anayesetsa kuti khoma lakutsogolo lifanane ndi mlendoyo. Analipinda mapewa, analipota m'mbali ngati nyanga za nkhosa, ndipo nyanga ya kumanzere inatuluka yaikulu kuposa inzake. Mpaka lero tchalitchicho chimaoneka ngati chapendeketsa mutu kuti chimve bwino.

Woyang'anira guwalo anali Sisitere Jenoveva, mayi wamfupi, wouma thupi, wa makiyi m'chiuno. Ankamveka asanaoneke, ngwere ngwere, kuchokera m'nyumba ya masisitere, kudutsa m'kanjira ka m'kati, mpaka pa kachitseko kotulukira pambali pa guwa. Analowa m'nyumbayo ali mtsikana, ndipo amene anawalandira anali Madre Inesi, Mpwitikizi wokalamba, wotsala yekha mwa aja anathawa ndi guwa. Tsiku lina Madre Inesi anawakoka dzanja n'kuwazungulitsa kuseri kwa phiko la mngelo, kumene anthu saona. Kuseriko kunali mtengo chabe, wakuda, wobooledwa ndi tizilombo. M'mphepete mwa phikolo anawaonetsa mmene zinasanjikizirana. Pansi mtengo. Pamwamba pake njereza yosakaniza ndi guluu. Pamwamba pake dothi lofiira. Ndipo pamwamba penipeni golide, wopyapyala kuposa kakhungu ka mtedza wokazinga. Kenaka anawapatsa nthenga za nkhanga zomangirira pa kamtengo, n'kunena m'Chichewa chawo chothyokathyoka:

"Madzi iyayi. Nsalu iyayi. Nthenga basi, mwana wanga."

Nthenga basi. Unyamata wawo unathera pamenepo, ukulu wawo unathera pomwepo. Mvula inkabwera n'kupita, ansembe ankabwera n'kusamutsidwa, Madre Inesi anagona kuseri kwa tchalitchi pansi pa maluwa, koma m'mawa uliwonse Misa ikatha Sisitere Jenoveva ankatsamiritsa makwerero n'kukwera ndi nthenga zawo. Ankapukusa fumbi pa mphuno, pa zikope, m'khwinya za m'khosi, pakati pa zala zonenepa, atagwira mpweya kuti asapumire pafupi. Mngelo aliyense ankamudziwa khalidwe lake. Panali wa lipenga amene ankaoneka kuti watopa nalo, panali woseka pamene anzake akupemphera, panali wina wamng'ono kumanzere woyang'ana kukhomo ngati akufuna kuthawira kunja kukasewera. Mayi amene sanabereke anali ndi khoma lodzaza ana, ndipo ankawakonda ndi mtima wonse.

Koma za kuseri kwa phiko zija anazisunga okha. M'midzi yonse yozungulira ankakhulupirira kuti angelo a ku Kamphande ndi golide yekhayekha mpaka m'mafupa, ndipo kuti amene anawasenza anafa ali okhota misana. Akuba sankayerekeza n'komwe, poti kunkamveka kuti wokhudza mngelo ndi mtima woipa dzanja limauma. Akhristu akapita ku misonkhano ya maparishi ena ankadzitama nazo. Inu muli ndi chigayo, inu muli ndi galimoto ya Bambo Mfumu, ife tili ndi angelo agolide. Sisitere ankazimva zimenezi n'kungomwetulira. Anthu oyenda chosavala nsapato, odya ndiwo zopanda mchere, anali ndi chinthu chimodzi chowaimitsa mutu pagulu. Ndani akanalimba mtima kuwauza kuti ndi chikuni chopaka? Komanso tisabise, Sisiterewo kunkawakomera kukhala odziwa okha. Ndiye m'malo mofotokoza ankangoletsa. Mwana akatambasula dzanja, musakhudze. Mayi akayandikira ndi tsache, musakhudze. Katekisiti akatsamira nsanamira, musakhudze. Ana anawapatsa dzina loti Sisitere Musakhudze, ndipo akuluakulu nawo ankalitchula akaona kuti makiyi akulirira kutali.

Kenaka maso anayamba kuwathawa. Lakumanzere linali litafa kalekale ndi nthenda ya paubwana. Lakumanja ndilo linagwidwa ng'ala, ndipo ng'alayo inabwera mwakachetechete ngati nkhungu ya m'nyengo yozizira. Angelo anayamba kuchoka mmodzimmodzi, kuyambira pamwamba. Inayamba nkhunda. Anatsatira a malipenga. Zinatsatira mphesa, mitambo, nkhope, mpaka guwa lonse linangokhala chinthu chachikasu chosadziwika mutu wake, chonga moto wa m'phiri ukuoneka muutsi. Makwerero anawaletsa. Ankangopukusa pamene dzanja likufika, mofufuza, ndipo pamwamba ponse mwaye wa makandulo ndi utsi wa lubani zinakhazikika chaka ndi chaka. Amayi ankanong'onezana potuluka m'Misa kuti guwa lada. Sisitere ankamva, poti makutu okha anali asanakalambe, ndipo zinkawapweteka.

Sanapemphe moyo wautali. Sanapemphe kuti mawondo asiye kuwawa. Popemphera korona, mkanda uliwonse unkanyamula pempho limodzi lomwelo, loti alione guwa lija kamodzi kokha ndi diso, dzuwa litalitsamira, anzawo asanawatseke zikope.

Dokotala wa maso anafika m'mwezi wa fumbi, pamene mitengo yaima mbuu ndipo mitambo imangosonkhana masana n'kubalalika osagwetsa kanthu. Anayang'ana diso lija ndi katochi n'kunena kuti likhoza kutsekuka. Analichita opaleshoni pa chipatala cha masisitere pomwepo, n'kulimanga bandeji yokhuthala. Malamulo anali ambiri. Gonani chagada, musawerame, musatsokomole, musalire, bandeji tichotsa mawa m'mawa. Amene anawavula lamba wa makiyi anali Sisitere Prisika, mkulu watsopano wa nyumbayo, namwino wochokera kuchigwa, munthu wabwino koma wothamanga nthawi zonse, amene anali asanakhalitse pa Kamphande. Aka kanali koyamba kuti makiyiwo achoke m'chiuno mwa mwini wake.

Chipinda chawo chinkagawana khoma ndi tchalitchi. Mutu wa bedi unali kuseri kwenikweni kwa guwa, ndipo anachisankha dala kalekale kuti azigona pafupi ndi ana awo. Ali chigonere chomwecho, dzuwa litakwera pang'ono, anamva mapazi ambiri pabwalo, ndi mawu amene aliyense pa Kamphande akanawazindikira ali m'tulo. Anali aNangondo, mtsogoleri wa amayi a gulu la mpingo la Leziyo, mayi wamkulu thupi, wamkulu mawu, wamkulu mtima. Pakhomo pawo mapoto ankawala pathandala mpaka odutsa mumsewu kuphimba kumaso. Kwa aNangondo kukonda munthu kunali kumukwechera. Wodwala akamatuluka m'chipatala ankamuzirira nyumba, kumusesera bwalo, kumukwechera chiwiya chilichonse mpaka chidzione nkhope, kuti asabwerere m'litsiro limene analisiya.

"Amayi, tibwerekeniko makiyi," anamveka aNangondo akuuza Sisitere Prisika pakhonde. "Diso latsopano lisakakumane ndi fumbi."

Makiyi analira, ngwere, m'dzanja lachilendo. Sisitere Jenoveva anamwetulira pansi pa bandeji. Anaganiza za simenti, za mabenchi, za mawindo. Za guwa sanade nkhawa. Kodi sanathe moyo wonse akunena kuti musakhudze?

Anamva zidebe zikugundana. Anamva masache akuyenda pansi pa mabenchi, waa, waa. Anamva madzi akukhuthulidwa pasimenti, khwaa, ndi kuseka kwa amayi othawitsa mapazi. Wina anayambitsa nyimbo, ena n'kuvomera, ndipo tchalitchi chonse chinadzaza ngati Lamulungu la Pasaka. Sisitere anagona mu mdima wawo wa bii, manja pachifuwa, mtima uli m'malo. Anaganiza kuti anthu awa ndi abwino, ndipo pamenepo sanalakwe.

Kenaka chinthu chinagunda khoma pamwamba pa mutu wawo, gu! Chinakhwekhwerezeka pang'ono n'kukhazikika. Phokoso limenelo ankalidziwa ngati dzina lawo. Anali makwerero, atatsamira pamene iwo ankawatsamiritsa zaka zonse zija.

Akangaude, anadziuza choncho. Akuchotsa akangaude a kudenga.

Koma kangaude sachoka ndi phokoso lotere. Kwe, kwe, kwe. Kwe, kwe, kwe. Silinali tsache, sinali nsalu. Linali phokoso la kuseri kwa khitchini, la chitsononkho choviikidwa m'phulusa ndi mchenga chikuyenda kunsi kwa poto. Linayamba pamalo amodzi. Ndiye mawu a aNangondo anaboola khoma, odzaza chimwemwe:

"Aliyense wake, amayi! Aliyense mngelo wake, ngati ndime!"

Khoma lonse linayamba kulira, kumanzere, kumanja, pamwamba, pansi. Kukwechako kunkatsata nyimbo, ndipo nyimboyo inali yachangu.

"Lekani," anatero Sisitere. Mawu aja ankaumitsa dzanja la mwana m'mwamba lero anatuluka ngati a mwanapiye. "Lekani, amayi!" Palibe anayankha. M'nyumba munalibe munthu. Masisitere ena anali ku sukulu, Sisitere Prisika anali atathamangira kuchipinda cha amayi oyembekezera. Anaitananso, anaitananso, koma mawu awo ankangogunda denga n'kuwabwerera.

Anadzuka, ngakhale dokotala analetsa. Chipinda chinazungulira, ndipo m'diso munalasa ngati munga. Anapapasa khoma, ndipo khomalo linkanjenjemera pansi pa chikhatho. Anapapasa mpaka kukhomo, anatsata kanjira ka m'kati ndi phewa, chosavala nsapato, mpaka zala zinakhudza kachitseko kaja kotulukira pambali pa guwa. Anapotoza chogwirira. Gwa. Dzanja linapita lokha m'chiuno, koma m'chiunomo munali nsalu basi. Kachitsekoko anakakhoma okha dzulo lake monga mwa chizolowezi, n'kukakankha kuti atsimikize, ndipo kiyi wake anali tsidya linalo, pa lamba womwe uja, mwina ali pabenchi, mwina m'thumba mwa aNangondo. Anamenya ndi zikhatho, anamenya ndi zibakera zawo zouma. Kumenyako kunangolowa m'nyimbo ngati ng'oma. Njira ina inali yozungulira panja, yodutsa masitepe ndi dimba ndi mpanda, ndipo mawondo anawauziratu kuti kumeneko safikako.

Madzi anatulukira pansi pa chitseko n'kuwakhudza zala za kumapazi. Anali ofunda, poti aNangondo sankakwecha ndi madzi ozizira. Sisitere anagwada n'kuikamo dzanja. Anamva mchenga. Anamva kuterera kwa phulusa ndi sopo. Ananunkhiza, ndipo munali mandimu, munali utsi wakale wa makandulo, munalinso fungo lina limene analimvapo kamodzi, chaka chimene denga linadonthera pa phiko la mngelo, fungo la guluu wakale atanyowa, longa la chikopa chonyikidwa. Anatikita zala. Pakati pa mchengawo panali tinthu tofewa, tosamveka bwino, tomamatira pakhungu. Sanafunike diso kuti adziwe kuti ndi chiyani.

Anakhala pansi m'madzimo, atatsamira chitseko. Mtima unawawa kuposa diso. Anafuna kukuwa, anafuna kukwiya, koma akwiyire yani? Tsidya linalo kunali amayi amene anasiya minda yawo yosalima, anasiya ana ndi njala, anasenza phulusa la m'mafuwa mwawo ndi mandimu a pakhomo pawo, onse chifukwa cha diso la nkhalamba imodzi. Dzina lawo linkamveka m'nyimbo, ataliikamo okha amayiwo pothokoza Mulungu. Madzi ankadutsa m'miyendo mwawo kulowera kunja. Mphuno zinkadutsa, zikope zinkadutsa, kumwetulira kwa uja woseka kunkadutsa, ndipo iwo anali ndi zikhatho ziwiri basi zotchingira. Anayesa kutchinga ndithu, madziwo n'kumalambalala.

Sisitere Prisika anawapeza pomwepo dzuwa litapendeka. Nyimbo inali itatha, amayi atapita kumtsinje kukasamba, m'tchalitchi muli zii, kungomveka tho, tho, tho, kuchokera pamwamba. Anawanyamula ngati mwana n'kuwabwezera pabedi, akuwadzudzula ndi mantha.

"Kaoneni guwa," anatero Sisitere Jenoveva.

Mapazi anapita mofulumira. Anabwera pang'onopang'ono. Mpando unalira pambali pa bedi, Sisitere Prisika atakhalapo.

"Gonani, Sisitere. Diso lingawonongeke."

Sisitere Jenoveva anagona chagada, diso lomangidwa, dzanja lili m'dzanja la mnzawo. Ngakhale kulira anali atawaletsa.

Kunacha. Dokotala anamasula bandeji, ndipo dziko linawagwera kumaso lonse nthawi imodzi, mbee! Anaphethira, anaphethira, kuyerako n'kuyamba kugawikana. Anaona mizere ya m'malata a denga. Anaona ntchentche pa windo, ndi miyendo yake yomwe. Anaona nkhope ya Sisitere Prisika koyamba, ndipo inali yaing'ono kuposa mawu ake, ya maso otupa. Panja maluwa a pampanda anali psuu, thambo lili lobiriwira mpaka kupweteka, mitambo yakuda itaunjikana kuseri kwa phiri. Ngakhale mtima unali wolemera, thupi linasangalala palokha, ndipo iwo anachita nalo manyazi. Pempho lija linali litayankhidwa. Diso linkaona kuposa mmene linkaonera ali mtsikana.

Pabwalo amayi anali atadzaza, atavala zitenje zofanana, mipango yoyera kumutu. Atangotulukira pakhonde nthungululu zinang'amba mlengalenga. Anawagwira mikono uku ndi uku n'kuwaperekeza kuzungulira dimba, akuvina, akuyala zitenje pansi kuti apondepo. Sisitere ankayenda pakati pawo ngati munthu wopita kukaona nkhope pamaliro. Pakhomo pa tchalitchi, pamene madzi adzulo anathera, matope anali atauma n'kung'aluka, ndipo m'ming'alumo munkathwanima tinthu tating'onoting'ono. Nkhuku inali pomwepo ikujompha, ikudabwa kuti chakudya chake sichikulowa kukhosi.

Analowa. Dzuwa linali litafika kale pa guwa, ndipo linalibe poti libisale. Mbee khoma lonse. Mbee mapiko, mbee mitambo, mbee nsanamira. Pena njereza inali itatupa n'kusendeka, pena dothi lofiira litatsala mawangamawanga ngati zilonda, pena mtengo weniweni utatulukira, wakuda, wonyowa. Mphesa zinali ngati kachewere wosenda. Angelo anali pomwepo onse, masaya ali chitukumukire, koma analibe maso, poti maso anali opaka ndipo anapita ndi madzi. Wa lipenga, woseka, wamng'ono woyang'ana kukhomo, onse anali nkhope imodzi yosalala yosayang'ana kanthu. Diso latsopano silinawabisire chilichonse. Linawaonetsa mzere uliwonse wa mchenga, ndi pamene dzanja linalimbikira kwambiri chifukwa chokonda kwambiri.

Pamwamba penipeni pokha, pafupi ndi denga, nkhunda inali ikadalipo, yakuda ndi mwaye, yofiirira, ndipo m'mphepete mwa phiko lake munkayaka pang'ono.

Nthungululu zinali zitazilala. ANangondo anayandikira akupukuta manja pachitenje, ndipo mawu awo sanali aakulu monga masiku onse.

"Sisitere, musakhumudwe poona chonchi. Ntchitoyi siinathe. Poyamba anawala ndithu, mpaka tinaimba nthungululu. Titapitiriza kunatuluka zofiirazi, kenaka zoyerazi. Litsiro lake ndi lokhuthala, la zaka zambiri, golide weniweniyo sitinamufike." Analoza kumwamba. "Nkhunda ijanso inatikanika, makwerero anafupika. Koma abambo amanga ena aatali, ali panjapo. Mutipatse lero lokha. Pofika madzulo muona."

Sisitere anacheuka. Pakhomo panaima amuna atasenza makwerero atsopano a mitengo ya bulugama, makungwa ali pomwepo. Kumbuyo kwawo kunali zidebe zofuka nthunzi ndi mabeseni a phulusa losefa bwino. Sisitere anawayang'ananso aNangondo, ndipo maso awo anagwera pa manja a mayiwo. Anali otupa, ong'ambika m'mfundo za zala, magazi atauma m'mphepete, ndipo pansi pa zikhadabo ndi m'ming'alu ya chikhatho munkathwanima.

Akanatha kungoti musakhudze. Amayiwo akanamvera lero, akanamvera mawa, koma tsiku lina mtima ukanawavuta kuona ntchito yosatha, ndipo akanabwera kudzaimaliza. Kuti nkhundayo itsale panali njira imodzi yokha, ndipo njirayo inkadutsa pamtima pa mayi amene anaima patsogolo pawo. Anagwira manja otupa aja ndi manja awo onse awiri.

"Mulibe golide m'katimo, mayi. Ndi mtengo. Golide yense anali uja wapamwamba, uja munati wawala poyamba. Ndi ameneyu ali m'zikhadabo zanuyu."

Kumbuyo wina anatula chidebe pansi pang'onopang'ono kuti chisalire. ANangondo anayang'ana zikhadabo zawo, anayang'ana angelo, anayang'ananso zikhadabo.

"Mtengo?"

"Mtengo."

"Inu mumadziwa?"

"Ndimadziwa."

ANangondo sanakwiye. Bola akanakwiya. Misozi inatsika pa masaya n'kugwera pa manja ogwirana aja, ndipo mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana wofunsa njira.

"Nanga bwanji simunatiuze, Sisitere? Ife tikanangosesa pansi."

Sisitere Jenoveva anangogwiritsitsa manja otupa aja. Kutali kuseri kwa phiri bingu linagunda. Pakhomo amuna aja anali chiimire ndi makwerero pamapewa, akudikira kuti wina awauze poti awatule.